Chimfine cha m'shedi ya fodya chimene sichimva mapilitsi

Mukafika ku Trelawney, m'boma la Zvimba ku Mashonaland West m'dziko la Zimbabwe, nthawi yokolola fodya, fungo limakuchingamirani musanaone nyumba. Mabalani amafuka usana ndi usiku, moto wa nkhuni kapena malasha ukuumitsa masamba. Fodya akauma amapita m'shedi, momwe amayi ndi abambo amakhala tsiku lonse akusankha, kumanga ndi kudinda mabelo opita kumsika ku Harare, umene nthawi zambiri umatsegulidwa cha m'Malichi.

Ambiri mwa anthuwa ndi zidzukulu za Amalawi amene anabwera m'mapulazi muno kale, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. M'makomboni mumamveka Chichewa, ndipo dandaulo limodzi silisowa nyengo imeneyi: mutu wolemera pachipumi, masaya opweteka ukawerama, mphuno yotsekeka. Anthu amangoti ndi chimfine cha fumbi, namwa mapilitsi a pagolosale. Kawirikawiri awa ndi matenda amene madokotala amati sinusitis.

M'mafupa a nkhope muli timapanga ta mpweya: m'masaya, pachipumi, pakati pa maso ndi mkati kuseri kwa mphuno. Timapangati timatulutsa mamina kudzera m'timabowo ting'onoting'ono. Chimfine, utsi kapena fumbi zikatupitsa mkati mwa mphuno, timabowoto timatseka, mamina n'kudzadza ngati madzi pachithaphwi. N'chifukwa chake wosankha fodya, amene amagwira ntchito chowerama, amamva ngati nkhope ikufuna kuphulika. Ena mano akumwamba amawawa, ena samvanso fungo la ndiwo.

Chofunika pamatendawa n'kuwerenga masiku. Nthawi zambiri gwero lake ndi mavairasi a chimfine, ndipo munthu amachira yekha masiku 10 asanakwane. Apa mankhwala ngati amoxicillin sathandiza. Kuwamwa mwachisawawa kumangolimbitsa tizilombo. Paracetamol, kupuma ndi kutsuka m'mphuno n'zokwanira. Madzi otsukira akhale owiritsa ndi ozizira, kapu imodzi yothiramo theka la kasupuni ka mchere. Mankhwala odonthezera m'mphuno otsegula mpweya asapitirire masiku ochepa, chifukwa akazolowereka mphuno imatsekanso kuposa kale.

Koma masiku 10 akadutsa osasintha, kapena munthu atayamba kupeza bwino n'kudwalanso ndi kutentha thupi, mwina mabakiteriya alowerera, ndipo pafunika a chipatala. Kumeneko amathanso kuyeza malungo, poti mutu ndi kutentha thupi zimasokoneza. Vuto likafika masabata 12, ndiye kuti lakhazikika. Pamenepo dokotala amafufuza zina: thupi lodana ndi fumbi kapena mungu, mphumu, tinyama tomera m'mphuno, dzino lakumwamba lobooka, ngakhale chitetezo chotsika ndi HIV kapena shuga. Mankhwala opopera m'mphuno ochepetsa kutupa amathandiza ambiri. Ochepa amafunika opaleshoni, yomwe imachitikira m'zipatala zazikulu monga Parirenyatwa ku Harare.

Zilipo zizindikiro zosadikira kuti kuche. Fupa lolekanitsa timapangati ndi diso n'lopyapyala ngati pepala, ndipo ubongo uli pafupi pomwepo. Chikope chikatupa n'kufiira, diso likatuluka kapena munthu akamaona zinthu ziwiriziwiri, mwina mafinya afika kudiso ndipo khungu lili pakhomo. Izi zimachitika kwambiri kwa ana. Khosi likauma, mutu ukapweteka modetsa nkhawa, munthu akamasanza, kubwebweta kapena kukomoka, akhoza kukhala matenda oumitsa khosi kapena chotupa cha mafinya mu ubongo. Ameneyo muthamangire naye kuchipatala cha Banket kapena chachikulu cha Chinhoyi tsiku lomwelo.

Chovuta n'chakuti ambiri ogwira ntchito m'mapulazi ndi aganyu olipidwa patsiku. Kujomba n'kutaya ufa, ndiye munthu amamanga duku pachipumi n'kubwerera m'shedi. Chiyambire kugawidwa kwa minda mu 2000, alimi ang'onoang'ono achuluka, ndipo ena amaumitsira fodya pafupi ndi nyumba zogona, ana akupuma utsi womwewo.

Kupewa sikufuna ndalama zambiri. Shedi ikhale ndi mazenera opita mphepo, pansi pawazidwe madzi musanasese, osankha apatsidwe zophimba mphuno. Ndudu ndi fodya wofwenkha zimawonjezera moto pabala. Mwini fodya amene amapima chinyezi cha tsamba lake mosamala angathenso kupima mpweya umene akupuma amene akumusankhira tsambalo.