Makina Omvetsera Maatomu ndi Cigoba ca Kacirombo ka HIV

Ku Riverside mu mzinda wa Kitwe kuli sukulu ya Copperbelt University, imene inatsegulidwa mu 1987 pafupi ndi mgodi wa mkuwa wa Nkana. Anthu ambiri kumeneko ndi kumidzi komwe adziwa kuti mkuwa upanga nthambo za magetsi. Koma ulinso ndi nchito ina imene ikhudza umoyo wa banja lililonse.

M'maiko ena akatswiri a sayansi ali ndi makina ochedwa NMR. Mtima wa makinawa ndi maginito amphamvu zedi, opangidwa ndi nthambo za niobium zokutidwa ndi mkuwa, zoziziritsidwa kufika pa madigiri 269 pansi pa ziro. Kanthu kakaikidwa m'katimo, akatswiri atumiza mafunde a wailesi, ndipo maatomu, tizidutswa tosaoneka timene tipanga zinthu zonse, ayankha. Liu la atomu iliyonse lionetsa pamene yakhala ndi anzake oyandikana nayo. Felix Bloch ndi Edward Purcell analandira mphotho ya Nobel mu 1952 kaamba ka nzeru imeneyi.

Bvuto linali pa zinthu zolimba, zosasungunuka m'madzi: mau ace anali kumveka ngati phokoso la pamsika. Mu 1958 Raymond Andrew wa ku Britain anapeza njira. Kanthuko akaika m'kabotolo kocepetsetsa, nakapendeketsa pa madigiri 54.7, ndi kukazunguza ngati nguli. Lero kazungulira nthawi zikwi makumi angapo pa sekondi imodzi, ndipo phokoso lija lisanduka mau omveka bwino.

Kacirombo ka HIV kabisa mbeu yace m'cigoba, monga acitira fulu. Cigobaco cimangidwa ndi mapuloteni oposa 1,000 olukana pamodzi, ndipo ncacikulu kwambiri kuti ciunikidwe ndi NMR ya m'madzi. Tatyana Polenova ndi anzace pa University of Delaware ku America akhala akuciunika mwa njira ya nguli ija, kuona pamene cilimba ndi pamene cigwedezeka. Akatswiri ena aciunika ndi makina ena.

Cigoba comweco ndico cimene mankhwala atsopano a lenacapavir agwira, nasokoneza kacirombo kasanaswane. Munthu alasidwa nyeleti kawiri cabe pa caka kuti atetezedwe. Poyesa mankhwalawa ku South Africa ndi Uganda mu 2024, mwa akazi oposa 2,000 amene analasidwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga kacirombo. Mankhwalawa anafika muno m'Zambia kumapeto kwa 2025.