CIPOLOPOLO CIMODZI CIKWANIRA

Njobvu yolasidwa koma yosafa ndiyo nyama yoopsya koposa m'cigwa ca Luangwa. Ithawa ndi bala lake, ndipo ukali wake ugwera mlimi amene akumana nayo kumunda. Cifukwa ca ici, mlonda wa nyama wotumidwa kukapha njobvu yoononga mbeu ayenera kukhala katswiri pa mfuti.

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pa nchito ya ADMADE, anyamata osankhidwa m'midzi anali kuphunzira ulondawu pa sukulu ya Nyamaluma m'dera la Lupande.

Pa maphunziro otere, kuombera sikubwera poyamba iai. Wophunzira ayamba wadziwa kumasula mfuti, kuipukuta ndi mafuta, ndiponso kusailozetsa kwa munthu ngakhale ikhale yopanda zipolopolo. Pambuyo pake agona cafufumimba, atsamiza mfuti paphewa zolimba, alinganiza diso ndi cizindikiro cimene afuna kulasa, aleka kupuma pang'ono, nakoka kacitsulo koombera mwapang'onopang'ono. Akakoka mofulumira, mfuti igwedezeka ndipo cipolopolo ciphonya.

Mfuti zazikuru za .375 ndi .458 zimenya phewa kwambiri, motero ambiri atsinzina asanaombe. Mphunzitsi wanzeru acotsa manthawa poyambitsa wophunzira ndi kamfuti ka .22.

Cobvuta koposa ndico kudikira. Ubongo wa njobvu wabisika mkati mwa mutu, pakati pa makutu, ndipo ndi wosabvuta kuuphonya. Mlonda amene atsitsa mfuti yake pamene nyama siinaime bwino, ndiye amene apulumutsa anthu a m'mudzi.