Katuni Yomwe Ambiri Amaiseka Ili ndi Phunziro kwa Ife

M'mwezi wa Novembala chaka cha 1992, ana a ku America anatsegula wailesi za kanema kuti aonere katuni yomwe ankaikonda ya Captain Planet and the Planeteers. Iwo ankayembekezera kuona zomwe anazolowera: ngwazi ya tsitsi lobiriwira ikulimbana ndi anthu odula mitengo mosasamala komanso otayira nyansi m'mitsinje. Koma tsiku limenelo nkhani inali ina. Gawo lomwe linaonetsedwa, lotchedwa "A Formula for Hate", linakamba za mnyamata wa kusekondale yemwe wapezeka ndi kachirombo ka HIV.

Gawoli limatchulidwa kuti ndi loyamba pa makatuni a ana a ku America kukamba za Edzi mosabisa mawu. Komabe anthu ambiri amene analionera ali ana amaliseka, ndipo amati ndi limodzi mwa magawo osakoma a katuniyi. Ife tikuona kuti ndi bwino tiliyang'anenso, chifukwa zomwe linakamba zikutikhudzabe m'masukulu ndi m'makalabu athu.

Nkhani yake inali yotani?

Katuniyi inayamba kuonetsedwa mu 1990. Anaiyambitsa ndi a Ted Turner, omwe anakhazikitsa wailesi ya CNN, pamodzi ndi mayi Barbara Pyle. M'katunimu muli achinyamata asanu ochokera m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi, kuphatikizapo Kwame wa kuno ku Africa. Aliyense ali ndi mphete ya mphamvu, ndipo akaphatikiza mphamvuzo amaitana Captain Planet.

M'gawo la Edzi, timaona Todd Andrews, katswiri wa masewero a basketball pasukulu yake. Dokotala amamuuza kuti ali ndi HIV. Chigawenga china chooneka ngati khoswe, dzina lake Verminous Skumm, chimatulukira chinsinsichi ndi kuchifalitsa, uku chikunamiza anthu kuti angatenge matendawa pongokhala pafupi ndi Todd. Cholinga chake n'chakuti anthu achite mantha, asiye kuganiza, kuti matenda afalikire msanga. Anzake a Todd amayamba kumuthawa, anthu amaononga malonda a mayi ake, ndipo iye amathawa kwawo. Pomaliza, pa bwalo la masewero, mphunzitsi wa timu ndi Captain Planet amafotokozera khamu la anthu kuti HIV sifala pokhudzana kapena podyera limodzi, ndipo Todd amaloledwa kusewera.

Yemwe analankhula mawu a Todd ndi Neil Patrick Harris. Mawu a mayi ake analankhula ndi Elizabeth Taylor, katswiri wa zisudzo yemwe mu 1985 anathandiza kukhazikitsa bungwe la amfAR lofufuza za Edzi.

Chifukwa chiyani anthu amalinyoza?

Zifukwa zake zilipo ndipo zina ndi zomveka. Choyamba, anthu amati gawoli lili ngati ulaliki: m'malo mosangalatsa ana, ngwazi imaima ndi kuyamba kuphunzitsa. Chachiwiri, amati n'zoseketsa kuti munthu wa nkhope ya khoswe ataye nthawi yake pozunza mwana mmodzi wa sukulu. Chachitatu, amati khamu lomwe linali lokwiya limasintha maganizo mofulumira kwambiri, ngati kuti mawu a mphindi imodzi angathetse chidani.

Tikuvomereza kuti mfundo yachitatuyi ndi yoona. Aliyense wa inu amene wachitapo sewero la Edzi pamsika kapena pa bwalo la amfumu akudziwa kuti anthu amaomba m'manja, koma mawa lake miseche imapitirira pachitsime. Kusalana sikutha ndi msonkhano umodzi.

Zomwe zinkachitikadi nthawi imeneyo

Amene amati nkhanza za m'katunimu ndi zokokomeza amaiwala mbiri. Mu 1985, Ryan White, mnyamata wa m'tauni ya Kokomo ku Indiana, analetsedwa kupita kusukulu chifukwa anali ndi Edzi. Iye anatenga kachiromboka kudzera m'mankhwala opangidwa kuchokera ku magazi, omwe ankalandira chifukwa cha nthenda yolepheretsa magazi kuundana. Anamwalira mu 1990 ali ndi zaka 18. Mu 1987, ku Arcadia m'chigawo cha Florida, nyumba ya banja la a Ray inapsa ndi moto patangopita masiku ochepa ana awo atatu okhala ndi HIV atabwerera kusukulu mwa lamulo la khoti.

Ngakhale masewero a basketball sanasankhidwe mwangozi. Mu Novembala 1991, katswiri Magic Johnson analengeza kuti ali ndi HIV. Atafuna kubwereranso m'bwalo mu 1992, osewera ena anaonetsa mantha oti angatenge kachiromboka, ndipo iye anasiya ganizolo m'mwezi womwewo gawo la Todd linaonetsedwa. Choncho ana omwe ankaonera katuniyi ankamva makolo awo akutsutsana za nkhani yomweyi kunyumba.

Ku Africa kuno zinthu sizinali zosiyana. Mu 1997, makolo ena anakana kuti Nkosi Johnson alembedwe pasukulu ina ya pulaimale ku Johannesburg. Mu Disembala 1998, Gugu Dlamini anaphedwa ndi anthu a m'dera lake ku KwaMashu, pafupi ndi Durban, ataulula poyera kuti ali ndi HIV. Tikaika nkhani izi pambali pa katuni ija, timaona kuti olemba ake sanawonjezere mchere. Mwina anachepetsa kumene.

Nanga khoswe uja? Ife tikuona kuti pamenepa ndi pomwe gawoli linalasa. Skumm sapatsira aliyense matenda. Chida chake ndi kuulula chinsinsi cha kuchipatala ndi kufalitsa bodza. Anthu akaona momwe Todd akuzunzikira, ndani angalimbe mtima kukayezetsa magazi? Ndipo munthu wosayezetsa sangayambe mankhwala, komanso angapatsire ena osadziwa. Apa n'chifukwa chake timati kusalana kumathandiza kachirombo kufala.

Pomwe gawoli linaperewera

Pali vuto limodzi lalikulu lomwe oseka aja salitchula kawirikawiri. Dokotala wa m'katunimu amatchula njira zotengera HIV, monga kubwerekana majakisoni ndi kugonana mosadziteteza, koma nkhani imaloza ku magazi omwe Todd analandira atachita ngozi. Izi zingapangitse mwana kuganiza kuti tiyenera kumvera chisoni okhawo "osalakwa". Ganizo limeneli ndi loopsa. Mnzathu amene anabadwa ndi kachirombo, amene anagwiriridwa, ndi amene anatenga pa chibwenzi, onse ali ndi ufulu wofanana wophunzira, kusewera ndi kulemekezedwa. Si udindo wathu kufunsa kuti anakatenga bwanji.

Zomwe zasintha

Mu 1992 kunalibe mankhwala amphamvu ogonjetsa kachiromboka m'thupi. Mankhwala ophatikiza a ma ARV anayamba kupezeka mu 1996, ndipo ku Malawi anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Lero tikudziwa kuti munthu amene amamwa ma ARV mwa ndondomeko, mpaka kachirombo kosaonekanso poyeza magazi, sapatsira mnzake pogonana. Akanakhala wa lero, Todd akanamwa mankhwala ake tsiku lililonse, n'kumaliza sukulu, n'kudzakhala ndi banja ndi ana opanda kachirombo. Magic Johnson mwiniyo wakhala ndi moyo zaka zoposa 30 chilengezereni.

Ana ambiri aphunziranso kudzera kwa Kami, chidole cha zaka zisanu chokhala ndi HIV chomwe chinalowa m'pologalamu ya Takalani Sesame ku South Africa mu 2002. Ku Malawi, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa chokhala ndi kachirombo.

Koma lamulo silikhala nafe m'kalasi. Alipo anzathu amene amabisa mabotolo a mankhwala kusukulu zogonera komweko, ena amadumphitsa kumwa, poopa kusekedwa. Masiku ano Skumm safunikanso kuthyola ofesi ya dokotala, uthenga umodzi wa pa WhatsApp ndi wokwanira kuononga mbiri ya munthu. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tikambirane m'makalabu

Pa msonkhano wanu wotsatira, kambiranani mafunso awa. Kodi mukamva mphekesera yoti wakuti ali ndi HIV, mumaipititsa patsogolo kapena imathera pa inu? Kodi mnzanu womwa ma ARV angamasuke kumwa mankhwala ake inu mukuona? Nanga mutati mulembe sewero la Todd wa m'mudzi mwanu, ndani angaime kumuteteza, popeza Captain Planet kulibe? Yesani kulilemba, ndipo muonetse zomwe zimachitika mawa lake, khamu litabalalika.