Kachilombo kadalowa, koma mfiti idali ina

Amalonda anzanga a ku Ndirande, Limbe, Zingwangwa ndi kwina konse, tcherani khutu ndikuuzeni zomwe zidandionekera mu Disembala 2024, kuti mawa zisadzagwere inu.

Ine ndili ndi kabenchi pafupi ndi msika wa Ndirande pomwe ndimataipa makalata ofunsira ntchito ndi makadi a ukwati, komanso kuika nyimbo m'mafoni. Mpamba wanga wonse ndi laputopu imodzi ya kaunjika yochokera ku Joni. M'menemo ndi momwe mudalinso kaundula wa banki mkhonde ya amayi ogulitsa tomato ndi makala, ndipo amayiwo amayenera kugawana ndalama zawo Loweruka, Khrisimasi isanafike.

Lolemba lake kasitomala wina adabwera ndi fulashi. Nditangoilowetsa, mafoda anga adasanduka timivi topanda kanthu, makina nkuyamba kuyenda ngati nkhono. Kachilombo! Sizodabwitsa, poti ndimagwiritsa ntchito Windows 7, yomwe kampani ya Microsoft idasiya kuiteteza pa 14 Januwale 2020.

Mnzanga wogulitsa ma chaja adati, "Aise, ingoikamo Windows yatsopano, zitheretu." Adandibwereka fulashi yake ya Windows 10. Ulendo woyamba idafika pakati nkubwerera. Ulendo wachiwiri sikirini idachita buluu, nkulemba zilembo zomwe sindidazimve. Ulendo wachitatu magetsi adathima, ndipo poti batire idafa kalekale, makinanso adathima pomwepo. Kuchoka apo ngakhale Windows yakale ija idakana kudzuka.

Lachitatu m'mawa amayi apampando a gulu lija adatulukira. "Bambo, pepala lathu lili pati?" Ndidangoti likonzedwa. Adandiyang'ana nkunena kuti, "Muli ndalama za anthu mmenemo, musatiyambanitse." Kunena zoona, thukuta lidatuluka. Kugula laputopu ina kudali kulota, chifukwa chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zakunja idathawa.

Safunsa adadya phula. Ndidakwera minibasi mpaka ku Limbe, ina mpaka ku Bangwe, kwa mnyamata wina wokonza makompyuta yemwe anthu amamutama. Funso lake loyamba lidali lakuti, "Madala, mwafomata kale?" Nditati ayi, adati ndiye mwayi wanga umenewo.

Sadakhudze Windows. Adadzutsa makinawo ndi fulashi ya Linux Mint, pulogalamu yaulere yomwe imatha kuyenda kuchokera pa fulashi osaikidwa mkati. Mafayilo anga onse adaonekera! Kachilombo ka mtundu umenewu nthawi zambiri sikafufuta zinthu, kamangozibisa, ndipo tizilombo ta Windows sitigwira ntchito mu Linux. Adakopera makalata, zithunzi ndi kaundula uja, nkusiya dala mafayilo othera ndi .exe, .vbs ndi .lnk, poti m'menemo ndi momwe kamabisala.

Kenaka adandiuza mawu omwe ndikufuna nonse muwamve. Ati ukadzutsa laputopu ndi fulashi ya Windows yabwino, kachilombo komwe kali mu hard disk kamakhala kali mtulo, sikangagwetse kanthu. Ndiye ngati makina akugwabe, mfiti ndi ina. Oganiziridwa alipo anayi: fulashi yoikira Windows, RAM, hard disk, ndi kutentha kapena magetsi. Uziwayesa mmodzimmodzi, kuyambira wotsika mtengo.

Woyamba adali fulashi ya mnzanga ija, yomwe idalowa kale m'makina odwala. Mnyamatayo adapanga ina pa kompyuta yake yopanda matenda, ndi pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Media Creation Tool, yomwe imafuna fulashi ya 8GB kapena kuposa. Titayesa, ntchito idaimanso pakati nkulemba nambala yakuti 0x8007025D. Iye adati nambala imeneyi ikabwera fulashi ili bwino, diso lipite pa RAM.

Adayendetsa pulogalamu yoyezera RAM yotchedwa MemTest86, ndipo pasanathe mphindi khumi mizere yofiira idadzaza. Atatsegula kunsi kwa laputopu, mudali timatabwa tiwiri ta RAM. Adachotsa kamodzi nkuyesa kotsalako, kali bwino. Atasinthanitsa, zofiira zija zidabwereranso. Wakuba wagwidwa!

Ndidafunsa kuti nanga bwanji masiku onsewa makina amayenda? Ati potaipa kalata kompyuta imagwiritsa ntchito kagawo kochepa ka RAM, koma poika Windows imamasula mafayilo akuluakulu nkudutsitsa pamalo ponse, ngati lole yodzadza matumba a chimanga pa mlatho wothyoka. Fayilo ikawonongeka panjira, ntchito imaima. Ndidakumbukira kuti chaka chonsecho makina amathima okha mwa apo ndi apo, ine nkumangoti ndi kutopa.

Hard disk atayiyeza idapezeka ilibe vuto. Koma fani idali itatsekeka ndi fumbi la mumsika ngati chisa cha mbewa, ndipo adaipukuta ndi kaburashi. Atatero adafufuta zigawo zonse za hard disk kuti kachilombo kasatsale, nkuika Windows pa kathabwa kamodzi kamoyo kaja. Ola lisanathe idadzuka bwinobwino. Mafayilo aja adayamba wawapima ndi Windows Defender asanawabwezeremo.

Loweruka amayi adagawana ndalama zawo popanda mkangano. Koma apampando sadandisiye. "Kuyambira lero, bambo, mwezi uliwonse muzitisindikizira pepala. Zam'makinazo ife sitizidalira." Sindidatsutse.

Tsono inu anzanga, laputopu ikagwidwa ndi kachilombo musathamangire kufomata. Yambani mwapulumutsa mafayilo. Fulashi yoikira Windows ipangidwe pa kompyuta yopanda matenda, ndipo ngati batire idafa, ikirani Windows pamalo pomwe pali sola kapena jenereta. Ikagwa kawiri, lekani kubwereza. Lembani nambala yomwe yaoneka pa sikirini mupite nayo kwa odziwa. Wina akakuuzani kuti makina afa, kapena mugule hard disk yatsopano asanayeze chilichonse, nyamulani katundu wanu muone msana wa njira.

Dziwaninso kuti Windows 10 nayo Microsoft idasiya kuisamalira mwa masiku onse pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana malaputopu ambiri akale a kaunjika. Choncho fulashi ya kasitomala aliyense muziyamba mwaipima musanaitsegule. Ine pabenchi langa ndidamata chikalata: fulashi yosapimidwa siilowa, ngakhale ikhale ya abusa.