COTUPA CA KUSERI KWA PHEWA SICIFUNA LUMO LA KUMUDZI

KAWIRI-KAWIRI mwini wace sayamba ndiye kuciona. Acipeza ndi mkazi wace pomtsuka kumsana: cotupa cofewa kuseri kwa phewa, cosapweteka, cimene cithawa-thawa pansi pa cala. Pomwepo mtima uthamangira ku matenda a kansa, kapena kwa mnansi uja anakangana naye za malire a munda.

Koma zotupa zambiri za pamalo amenewa ndi mafuta cabe amene aunjikana pansi pa khungu. Dzina lace kucipatala ndi lipoma. Cimakula pang'ono-pang'ono kwa zaka zambiri, maka-maka mwa anthu a zaka 40 kufikira 60, ndipo sicipatsirana.

Ciriponso cina cosowa, elastofibroma, cimene madokotala awiri a ku Finland, Järvi ndi Saxén, anacifotokoza koyamba mu 1961. Ici cibisala mkati, pakati pa nsonga ya fupa la phewa ndi nthiti, ndipo cionekera bwino munthu akatambasulira dzanja kutsogolo. Nthawi zina fupa limveka kugunda poyendetsa dzanja. Cipezeka kweni-kweni mwa okalamba, akazi koposa amuna, ndipo ena ciwagwira mbali zonse ziwiri. Akatswiri aganiza kuti cibwera ndi kukhuzana kwa fupa ndi nthiti pa zaka zambiri za nchito yamanja. Ici naconso si kansa.

Cobvuta ndi cakuti cala ca munthu wamba sicingasiyanitse zotupa zimenezi ndi kansa ya m'minofu yochedwa sarcoma. Cotupa cimene capitirira masentimita 5, ndiko kuti cayandikira kukula kwa dzira la nkhuku, kapena cikula msanga, ciri colimba, sicisuntha, cayamba kupweteka, ngakhalenso cabwerera atacicotsa kale, cifunika kupimidwa mosacedwa. A kukiliniki atumiza wodwala ku cipatala ca boma kukajambulidwa ndi makina a ultrasound, ndipo ngati pali cikaiko adula kanyama kakang'ono kukakapima. Ikapezeka kansa, Cancer Diseases Hospital ya mu Lusaka, imene inatsegulidwa mu 2007, ndiyo isamalira odwala otere.

Kutemera mphini kapena kuboola ndi lumo n'kungodziitanira bala la mafinya. Mafuta amenewa si madzi, satuluka pofinya monga cithupsa, ndipo mankhwala opaka sawasungunula.

Lipoma yaing'ono yosasautsa dokotala angoisiya, nauza mwini wace kuti abwerenso akaona kusintha. Imene iletsa munthu kugona cagada kapena kubereka mwana kumbuyo aicotsa ndi opareshoni yaifupi. Ikakhala yaing'ono abaya nyeleti yocititsa dzanzi pamalo pomwepo, ndipo wodwala abwerera kunyumba tsiku lomwelo.