Zinthu 8 zodabwitsa za malipiro ndi thukuta la munthu

Azungu apeza dzina latsopano, amati gig, koma ife tinalidziwa kale: ndi ganyu basi. Mnyamata wopalasa njinga m'misewu ya London atabereka chikwama cha chakudya sasiyana kwenikweni ndi mayi wopalira mizere m'munda wa mwini kuti madzulo atenge mbale ya ufa. Kungoti kapitawo wa mnyamatayo ali mufoni, ndipo foni sungaidandaulire kuti mwana wadwala.

1. Sitalaka yakale kwambiri imene inalembedwa inali ya okumba manda. Zaka zoposa 3,100 zapitazo ku Egypt, amisiri a m'mudzi umene lero umatchedwa Deir el-Medina ankasema ndi kukongoletsa manda a mafumu, ndipo ankalipidwa tirigu ndi barele. M'chaka cha 29 cha ufumu wa Ramesses III phosolo linachedwa. Anthu anatula zida, nakakhala pansi ku akachisi a mafumu, akudandaula njala. Akuluakulu anawapatsako pang'ono kuti mitima itsike, phoso linachedwanso, iwo anabwereranso. Gumbwa amene analembapo nkhaniyi akusungidwa ku Turin, m'dziko la Italy. Amene anaimapo pamzere wa ATM pa 30 n'kupeza akaunti ili mbee, adziwe kuti matendawa ndi a makolo.

2. Tsiku la apantchito la pa 1 Meyi linabadwira ku America, koma eni akewo salikumbukira tsikulo. Linachokera ku Chicago mu 1886, pomwe anthu ananyanyala ntchito pofuna kuti tsiku likhale la maola 8. Pa 4 Meyi bomba linaphulika pamsonkhano ku Haymarket, ndipo chaka chotsatira boma linanyonga atsogoleri anayi. Ife tikamaguba ndi nsalu za mabungwe pa 1 Meyi, ku America anthu ali pantchito. Tchuthi chawo chimabwera Lolemba loyamba la Seputembala.

3. Dziko la Britain litathetsa ukapolo m'madera ake ndi lamulo la 1833, linapereka chipukutamisozi cha mapaundi 20 miliyoni. Analandira ndi eni akapolo. Amene anagwira ntchito yaulele kuyambira paubwana sanaone ngakhale khobidi, ndipo m'malo mowamasula lamulo linawasintha dzina: tsopano anali "ophunzira ntchito", oyenera kulimira mbuye yemweyo maola oposa 40 pa sabata popanda malipiro. Zinatha mu 1838. Munthu wa imvi amene wadula nzimbe moyo wake wonse ankaphunziranso chiyani?

4. Ukathyali wosintha dzinawu sitiwerenga m'mabuku a kutali okha. Kuthangata ndi mawu abwino: mnzako akadwala dzinja, mumapita kukamupalirira, mwina n'kumwera limodzi thobwa. Atsamunda a m'maesiteti a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anatenga mawu omwewo n'kuwapachika pa ntchito yokakamiza. Ukakhala pamalo a mzungu, unkamulimira m'malo mwa lendi, nthawi yomweyo imene munda wako ukufuna khasu. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero mbiri inali yoipa koposa, ndipo woyang'anira wake, William Jervis Livingstone, anaphedwa usiku woyamba wa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962, koma mphwake, utenanti wa m'minda ya fodya, unafika mpaka 2021 usanaletsedwe m'lamulo la ntchito.

5. Mayiko ena kumene antchito amalandira bwino zedi alibe lamulo la malipiro otsikitsitsa. Ku Denmark ndi ku Sweden boma silitchula chiwerengero. Mabungwe a antchito ndi a olemba ntchito amakhala pansi n'kugwirizana okha, ndipo zimayenda chifukwa anthu ambiri ali m'mabungwemo. Germany inayamba lamulo lotere mu 2015 mokha, South Africa mu 2019 ndi R20 pa ola. America ili nalo, koma la boma lalikulu linaima pa madola 7.25 pa ola kuyambira 2009, ngakhale zigawo zambiri zinakweza lawo. Woperekera zakudya mulesitilanti bwana angathe kumupatsa madola 2.13 okha, chiwerengero cha mu 1991, poyembekeza kuti zotsalazo zikwanira ndi tindalama ta "zikomo" timene odya amasiya patebulo.

6. Khothi limodzi, dziko limodzi, ntchito zooneka zofanana, zigamulo ziwiri zosiyana. Mu Febuluwale 2021 khothi lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula mlandu umene madalaivala Yaseen Aslam ndi James Farrar anasumira kampani ya Uber. Kampaniyo inkati ilibe dalaivala ngakhale mmodzi, iyo imangolumikiza wapaulendo ndi mwini galimoto wodziimira payekha. Oweruza anaunika mmene tsiku la dalaivala limayendera. Mtengo wa ulendo amaika ndi Uber. Pangano analemba ndi Uber, dalaivala amangovomera. Ukakana maulendo angapo foni imakulanga, nyenyezi zako zikatsika ungathe kuchotsedwa. Munthu wotere, anatero oweruza, ndi wantchito, ndipo ayenera malipiro otsikitsitsa ndi tchuthi cholipidwa.

Mfundo imene ine ndimaiona yolemera ndi ya nthawi yodikira. Khothi linati ntchito imayamba dalaivala akangotsegula foni n'kukhala wokonzeka kunyamula munthu. Wakabaza aliyense amene watha m'mawa wonse pasiteji, chipewa chili pachiwongolero, akuitana aliyense wotsika minibasi, akudziwa kuti kudikira kumadya tsiku kuposa kupalasa. Mwezi wotsatira Uber inavomera kupatsa madalaivala pafupifupi 70,000 malipiro otsikitsitsa, tchuthi ndi penshoni, koma inayamba kuwerenga kuchokera pamene dalaivala walandira ulendo.

Mu Novembala 2023 khothi lomwelo linakana anyamata onyamula chakudya a Deliveroo amene ankafuna kuti bungwe lawo lizikambirana ndi kampani za malipiro. Chifukwa chachikulu chinali chiganizo cha m'pangano choti ungathe kutuma munthu wina kukanyamula m'malo mwako. Wotuma mnzake, akuti, si wolembedwa ntchito.

7. M'makina "oganiza okha" muli anthu. Mu 1770 Wolfgang von Kempelen anaonetsa ku Vienna chidole chovala ngati munthu wa ku Turkey chimene chinkagonjetsa anthu pa masewero a chess, pomwe m'bokosi lake munkabisala katswiri wa masewerowo. Kampani ya Amazon itatsegula msika wa maganyu ang'onoang'ono a pa intaneti mu 2005, inautcha dzina la chidolecho, Mechanical Turk, osachita n'komwe manyazi. Mu Januwale 2023 magazini ya Time inaulula kuti achinyamata a ku Nairobi, olembedwa ndi kampani ya Sama, ankawerenga nkhani zonyansa za kugwiririra ndi kupha tsiku lonse, n'kumaziika zizindikiro kuti ChatGPT aphunzire kuzipewa. Ankapita kunyumba ndi ndalama zosakwana madola 2 pa ola.

8. Mpaka 2020, wantchito wa m'nyumba ku South Africa akavulala kapena kufera pantchito, thumba la boma la chipukutamisozi silinkamudziwa. Lamulo linkateteza wa mumgodi, wa m'fakitale ndi wa m'sitolo, koma linkapatula mwachindunji wochapa ndi kukolopa m'nyumba ya munthu. Nkhaniyi ikutikhudza, pakuti abale athu ambiri ku Joni ali m'makhitchini momwemo. Maria Mahlangu anagwira ntchito pakhomo limodzi ku Pretoria zaka 22. Mu Malichi 2012 anagwera m'dziwe losambiramo la pakhomopo, ndipo poti sankadziwa kusambira, anamira. Mwana wake Sylvia, amene ankadalira malipiro a mayi akewo, atapita kukafunsa chipukutamisozi anauzidwa kuti mayi ake sali m'gulu la antchito amene lamulolo limawawerenga. Anatenga nkhaniyo kukhothi mothandizidwa ndi bungwe la antchito a m'nyumba, ndipo inayenda zaka. Pa 19 Novembala 2020 khothi loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti kupatulako n'kosemphana ndi malamulo, ndipo linabweza chigamulocho m'mbuyo mpaka pa 27 Epulo 1994, kuti ovulala ndi ofedwa onse kuyambira tsiku limenelo akathe kukadandaula.