Webusaiti ya amalume itayera mbee ku Mpanshya

Ndinali mu minibasi ya ku Chelstone, kondakita ali pakhomo kukangana ndi mzimayi wina pa nkhani ya cenji, foni yanga italira. Anali amalume a ku Mpanshya. Sanayambe n'komwe ndi moni.

"Mwana wanga, cija cinthu cathu ca pa intaneti cafa. Ukatsegula cingoyera mbee!"

Ndinatsegula pa foni yanga. Zoonadi, panalibe cithunzi, panalibe mitengo ya zipinda, ngakhale liwu limodzi. Ndinaganiza kuti mwina bandulo yatha, koma Facebook inali kutseguka bwino-bwino.

Amalume ali ndi kanyumba kogona alendo m'boma la Rufunsa, kufupi ndi Great East Road musanafike pa Luangwa Bridge. Amene amagonapo ndi anthu a paulendo ndi ena obwera kudzaona odwala awo ku cipatala ca mishoni. Ambiri a iwo amapeza nambala ya amalume pa webusaiti. Manje sabata yonse foni inali zii, zipinda zili gwa, koma anchito awiri akuyembekeza malipilo a kumapeto kwa mwezi.

Pa Ciwelu ndinakwera basi ya ku Chipata pa Intercity, laputopu m'cikwama. Ine ndine mtolankhani cabe, za makompyuta ndimadziwa pang'ono. Koma ndili ndi mnzanga wa ku koleji amene nchito yake ndi yomweyi, ndipo analonjeza kunditsogolera pa foni.

Vuto loyamba silinali la makina iyayi. Webusaiti anawapangira mnyamata wina zaka zapitazo, ndipo mapasiwedi onse anapita nawo. Nambala yake siinali kupezeka. Tinacita kuimbira kampani imene imasunga webusaitiyo, amalume n'kutumiza malisiti awo, ndiye anatitsegulira.

Webusaitiyo ndi ya WordPress, pulogalamu imene imayendetsa mawebusaiti pafupifupi anayi pa khumi alionse pa dziko lapansi. Mnzanga anandiuza kuti tsamba loyera silitanthauza kuti zonse zapita. Mawu amakhala mu database, zithunzi m'foda yake. Cimene cimacitika n'cakuti fayilo imodzi ikaonongeka, makina amaima pakati osaonetsa ciliconse. Zili ngati shopu yozima magetsi: katundu alimo, kungoti simumuona.

Kucokera mu 2019, WordPress imatumiza imelo kwa mwini webusaiti ikagwa motere. Imelo ya amalume inapita kwa mnyamata uja.

Tinakhala pakhonde pomwe netiweki imagwirako. Coyamba, ndinakopera zonse pa laputopu, zabwino ndi zowola zomwe, kuti ndikalakwitsa tikhale ndi pobwerera. Kenako ndinatsegula fayilo ya wp-config.php ndi kusintha WP_DEBUG kucoka pa false kupita pa true. Pomwepo tsamba linalankhula: mzere umodzi wa Cizungu wochula fayilo imene yaonongeka. Inali mu theme, cobvala ca webusaiti cija cimene cimaipatsa maonekedwe.

Apa m'pamene panali gwero la nkhani. Theme imeneyo ndi yogulitsa, koma mnyamata uja anaitenga yaulele pa malo ena a pa intaneti. Zaulele zotere nthawi zambiri zimabwera ndi kakhomo ka kumbuyo kolowera akuba. Mapulagini nawo anali asanakonzedwepo cipangire.

Amalume anafunsa, "Nanga n'ndani andizonda conco?" Palibe. Akuba amenewa ali ndi mapulogalamu amene amayenda usiku ndi usana kugwedeza zitseko za mawebusaiti, cosakhoma bwino alowa. Amaikamo malware yawo kuti itumize mameseji abodza kapena kukokera alendo anu ku masamba ena. Ya kwa amalume inalowa molakwika n'kugwetsa zonse, ndiye cifukwa cake tinadziwa. Ikanalowa mwakacetecete, sembe ikalimo.

Tinasintha dzina la foda ya mapulagini kuti onse azime. Tinacotsa theme yakuba ija. Mafoda a wp-admin ndi wp-includes tinawafafaniza n'kuikamo atsopano ocokera ku WordPress komweko. M'foda ya uploads, mmene muyenera kukhala zithunzi, tinapezamo mafayilo othera ndi .php amene sitinawaike ife. Tinawataya. Pa mndandanda wa oyang'anira panalinso dzina lacilendo. Nalonso tinalicotsa, n'kusintha mapasiwedi onse, n'kubweza WP_DEBUG pa false.

Dzuwa likulowa, ndinatsegulanso. Cithunzi ca nyumba cinabwera pang'ono-pang'ono, kuyambira pa malata kutsika. Amalume anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Sizinabwere zonse: maonekedwe akale anapita ndi theme ija, ndipo tsamba la mitengo tinalikonzanso ndi manja. Pakanakhala backup, nchito ya tsiku lonse sembe inatha mu ola limodzi.

Musaganize kuti izi n'za anthu a kumudzi cabe. Mu May 2022 Bank of Zambia yeniyeniyo inalowedwa ndi akuba a pa intaneti ochedwa Hive, amene anali kukhoma mafayilo n'kufuna dipo. Bankiyo inakana kulipira. Ngati anagogoda pa Cairo Road, saluni yanu ya ku Kabwata kapena sukulu yanu ya mkaka ku Matero aisiye cifukwa ciani?

Conco imwe amene muli ndi webusaiti, musanatsike pa siteshoni yanu dzifunseni: pasiwedi ili ndi ndani? Imelo ya webusaiti ndi yanu kapena ya amene anakupangirani? Backup yothera munatenga liti, ndipo ili kuti?

Amalume lomba mapasiwedi awo anawalemba m'kabuku kamene amasunga pamodzi ndi mapepala a nyumba. Pa Ciwiri anandiimbira ndili mu minibasi yomwe ija. Ulendo uno anayamba ndi moni.